Tsiku limene ndinamasulila a Dokotala pa Nyimba

Amai, kodi mukugona bwanji kumeneko? Ife kuno tilipo. Mvula yagwa kawili chikusiyileni pansi pa mtengo wa msolo uja ku Nyalugwe, koma sindinakhalepo pansi n'kukuuzani zimene zandichitikila. Lelo ndi Loweluka. Anzanga apita m'masitolo akuluakulu kukajambulitsa zithunzi pafupi ndi zovala zimene sagula, ndiye ndapeza mpata.

Ndiyambe ndi za kumudzi, chifukwa ndikudziwa kuti n'zimene mukanafunsa poyamba. Dzulo ndinalankhula pa foni ndi mlongo wanga Masauso. Mlamu anachila bwino, mwana wamkazi, ndipo anamutcha dzina lanu, Esinati. Akuti chipumi ndi chanu, ndipo akakwiya salila msanga, amayamba wakuyang'anitsitsa kaye. Nshawa zinachita bwino ku Nyampande kwa Masauso chaka chino, koma chimanga mbozi zinadya ndi theka lomwe. Dimba lanu la nthochi lili m'manja mwa amalume a Yohane. Pamalilo analila kuposa tonse, mpaka anthu awili kuwagwila, ndipo analumbila kuti dimbalo adzalisamala ngati mwana. Lelo mpanda unagwa, mbuzi zimalowa ngati kwawo, iwo ali pa bawo. Ndisawononge pepala ndi iwowo.

Nkhani yaikulu ndi iyi: ndili ku Lusaka, pa koleji ya zamalonda.

Mukukumbuka sitolo ya mbewu ndi feteleza ija ndinkagwilako ntchito ku Petauke. Zaka zitatu ndinkatsegula ndine, kutseka ndine, kulangiza alimi ndine. Mutangopita, eni sitolo anabweletsa mphwawo wa dipuloma n'kumuika pamwamba panga. Mnyamatayo sankasiyanitsa mbewu ya nshawa yocha msanga ndi yochedwa. Mlimi akafunsa, iye ankandiitana, ine n'kuyankha, kenako iye n'kubweleza mau anga omwewo m'Chizungu. Munkanena kuti, "Khasu limadziwa munda, koma amene amafunsidwa ndi mwini chipewa." Ndinati basi, chipewacho nane ndikachitenge.

Kufunsila malo kunali ntchito payokha. Mafomu ake ndi a pa intaneti, ndiye ndinkapita ku kasitolo ka makompyuta pafupi ndi siteshoni ya mabasi. Panali funso la ntchito ya makolo, mayankho ake olembedwa kale: wa m'boma, mwini kampani, dokotala, loya. Ndinatsika nawo mpaka pansi, wogulitsa nthochi panalibe. Ndinasankha pamene analemba kuti "zina." Anafunanso kalata yochokela kwa abwana anga. Eni sitolo anandiyang'ana kuyambila kumutu mpaka kumapazi, amvekele, "Iwe ukaphunzile bizinesi? Bizinesi ndi magazi, mwana wanga, munthu amabadwa nayo." Munthu amene sitolo anachita kusiyilidwa ndi apongozi! Anasaina patapita milungu itatu, atazindikila kuti ndikachoka malo anga adzaikapo mphwawo wina.

Kenako anandiitana ku Lusaka ku mafunso a pamaso. Ndinapeza anthu atatu kuseli kwa tebulo lalitali, aliyense ndi botolo lake la madzi. Mmodzi, mnyamata wa tayi yofiila, anandifunsa ngati ndinachitapo malonda. Ndinayankha zoona, kuti kuyambila ndili ndi zaka zisanu ndi zinai ndinkagulitsa nthochi pa mawindo a mabasi pa Nyimba, pambali pa amai anga. Anaphimba pakamwa ndi pepala. Mapewa okha ndi amene ankagwedezeka. Ndinatuluka ndikudziwa kuti ndalephela, ndipo m'basi yonse mpaka ku Petauke sindinadye kanthu. Patapita mwezi uthenga unabwela kuti anditenga. Ndinadzamva pambuyo pake kuti amatenga pafupifupi aliyense. Mafunso aja ndi ongofuna kuti munthu uziyesa unadutsa pa diso la singano.

Tsopano ndikuuzeni chinthu chimene chimandiwawa kulemba. Tsiku loyamba m'kalasi anati aliyense aimilile, anene kwawo ndi ntchito ya makolo ake. Uyu ati bambo ali ndi malole, uyu ati amai ali ku banki. Pofika pa ine ndinakumbuka mapewa a mnyamata wa tayi uja. Ndinati amai anga anali ndi kampani yotumiza zipatso m'matauni. Kampani, amai! Inu ndi beseni lanu la buluu lija. Anthu anagwedeza mitu mwaulemu, ine n'kukhala pansi.

Moyo wa pano mukanauona mukanaseka mpaka kutsokomola. Lolemba lililonse timavala masuti, akuti tizolowele. Anyamata amayenda dzuwa lili pamutu, thukuta lili chuchuchu m'majekete obweleka, atanyamula zikwama zopanda kanthu. Pali wina dzina lake Kelvin amene anasindikiza timakadi tonena kuti ndi mkulu wa makampani atatu. Makampani onsewo ali m'foni mwake. Sopo wochapila amapempha kwa ine. Aliyense pano akufuna kudzakhala bwana, koma palibe amene akufuna kunyamula thumba. Chilichonse amajambula pa foni, ngakhale chakudya asanadye, ngati chingathawe.

M'chipinda ndimagona ndi mtsikana wodzitcha Tisha. Tsiku limene ndinafika ndinamupatsa moni m'Chinyanja, iye n'kuyankha m'Chizungu cha m'mphuno kuti pepani, zilankhulo za kumudzi samva, anakulila m'tauni. Ndinavomela. Patapita milungu iwili, m'mawa ndikuchapa kuseli kwa hostelo, ndinamva munthu akulankhula pa foni Chinsenga chenicheni, chija cha agogo, kufunsa ngati ng'ombe yofiila yabeleka ku Kaumbwe. Nditasuzumila, ndi Tisha. Pa chitupa chake analemba kuti Tisiyenji Daka. Sindinamuuze kuti ndamva. Ndinkangomuyang'ana akupaka milomo, mumtima ndikuti, pita nazo, mwana wa ku Kaumbwe. Kenako ndinkakumbuka kampani yanga ya zipatso ija, n'kutembenukila kukhoma.

Si onse opanda pake, ndisaname. Alipo a Mulenga, mai wa ku Kasama amene ndi mkulu wa gawo lathu. Amatiphunzitsa kuwelenga mapangano, timau tating'onoting'ono tija ta pansi pa pepala timene ogula mbewu amapusitsila alimi. Iwowo ndimawamvela ndi makutu onse.

Koma alipo ena amene tonse timangowatchula kuti a Dokotala. Si a chipatala ai, ndi dokotala wa mabuku. Phunzilo lawo ndi la malonda ang'onoang'ono, ndipo analemba buku lathunthu lonena za azimai ogulitsa m'mbali mwa msewu. Iwo eni sanagulepo ngakhale tomato m'mbali mwa msewu, akuti zimatsegula m'mimba. Chinyanja amachidziwa pang'ono, koma amachisungila alonda a pageti. Nsapato zawo zimalila akamayenda. Munkanena kuti, "Wa nsapato zolila amafuna umve kuti wafika, chifukwa akayamba kulankhula sumvanso kanthu."

Chigawo chachiwili cha maphunzilo chili mkati, a Dokotala analengeza kuti tipita kukaona amalonda a m'msewu ndi maso athu, tikawafunse mafunso, tikalembe lipoti limene lidzakhale mayeso athu. Kenako anatchula malo. Anati pa Nyimba, pamsika wa nthochi.

Tinanyamuka m'bandakucha pa basi yobweleka, aliyense ndi mulu wa mapepala a mafunso. Tinawoloka Luangwa, kukwela mapili aja, n'kufika pa Nyimba masana. Linali Lachisanu la kumapeto kwa mwezi. Inu mukudziwa tanthauzo lake. Mabasi anali kutsatana, azimai akuthamanga ndi mabeseni, wina kuwindo ili, wina kuwindo ilo. Katswili wa malonda a m'msewu anasankha tsiku limenelo kuti azimai asiye mabasi, akhale pansi ayankhe mafunso makumi anai. Anaima pamthunzi n'kumaomba m'manja ngati akuitana nkhuku. Palibe amene anacheuka.

Ine ndinabisala kumbuyo kwa anzanga. Malo anu aja ali pomwepo, amai, pafupi ndi mtengo wa mango. Pali mtsikana wina tsopano, sindikumudziwa. Ndinkayang'ana pansi pomwe munagwa tsiku lija beseni lili pamutu, ndipo sindinaone kuti mnzanu wa pamtima uja, amake Dailesi, akubwela.

"Enelesi! Mwana wa Esinati! Iwe, wabwela osanena?"

Anandikumbatila ndi manja a utomoni wa nthochi, pa bulauzi yanga yoyela ya Lolemba. Mukudziwa kuti utomoni umenewo suchoka. Anayamba kuitana anzawo, "Bwelani mudzaone, mwana wathu uja tinkamubeleka pano wavala ngati wa kubanki!" Anandizungulila azimai oposa khumi, wina kundigwila tsaya, wina kulila pokukumbukani. Anzanga a m'kalasi ankangoyang'anana. Ndinamva Kelvin akunong'oneza mnzake kuti, "Kampani ija ndi imeneyi?"

A Dokotala anasangalala poona kuti azimai asonkhana okha. Anandikodola, nati popeza ndi anthu ako, ukhale womasulila. Kenako anatembenukila kwa ife ophunzila, azimai ali chiimile pamaso pawo, n'kuyamba kuphunzitsa m'Chizungu, akuwaloza ndi cholembela ngati mbuzi za pamsika. Anati taonani, onse akugulitsa chinthu chimodzi pamalo amodzi, palibe amene amaganiza za kutsogolo. Anati umphawi wa anthu awa suli m'thumba, uli m'mutu. Anati popanda wowaphunzitsa adzafela m'mbali mwa msewu monga anafela amai awo. Atatha anamwetulila, nati kwa ine, "Auze kuti tabwela kudzawathandiza."

Ndinati, "Akuti abwela kudzakuthandizani."

Amake Dailesi anatsitsa beseni pansi. Anandiyang'ana mmene munkandiyang'anila ndikabisa kanthu kumbuyo.

"Munthuyu walankhula mpaka malovu kuuma, iwe wanena mau atatu. Zina zija wameza?"

Amai, ndinadziwa kuti ndikanena ndadziputila. Mayeso anga anali m'manja mwa munthu ameneyu. Koma mau aja akuti adzafela m'mbali mwa msewu anali akulilabe m'makutu mwanga, ndipo ndinali nditaima masitepe asanu kuchokela pomwe munagwela. Ndinamasulila zonse. Sindinawonjezele, sindinachotse. Za chinthu chimodzi pamalo amodzi, za umphawi wa m'mutu, za kufela pamsewu, zonse m'Chinsenga chomveka bwino, mokweza kuti ndi a kumbuyo omwe amve.

Kenako amake Dailesi anamanga chitenje.

"Umuuze kuti nthochi izi tinazivundika Lolemba kuti zipse lelo, chifukwa lelo aphunzitsi ndi anamwino alandila, mabasi adzaza. Za Lachiwili zili kale m'dzenje, ndi zochepa, chifukwa Lachiwili msewu umagona. Iye akudziwa chimene adzadye Lachiwili?"

Ndinatembenuka n'kuwauza a Dokotala m'Chizungu, liwu ndi liwu.

Mai wina wa ku Nyalugwe kwathu anati, "Tonse timagulitsila pamodzi chifukwa basi imaima pamodzi. Akufuna ndikaime ndekha kuphili, ndizigulitsa kwa anyani?"

Ndinamasulila.

"Mwana wanga ndi namwino ku Petauke," anatelo wina. "Wa uyu ndi mphunzitsi. Ndipo uyo akumumasulilayo, Chizungu akumvacho, chinachokela m'beseni la nthochi. Amai ake anafela pano, inde. Anafa akugwila ntchito. Iye adzafa akuchita chiani?"

Ndinamasulilanso.

Amake Dailesi anamaliza ndi kuti, "Ndipo umufunse, popeza amadziwa kukonzekela za kutsogolo, mimba imeneyo anaikonzekela kapena inangomugwela?"

Nayonso ndinaimasulila, amai. Kalasi yonse inaphulika ndi kuseka. Kelvin anachita kukhala pansi m'fumbi ndi suti yake. A Dokotala nkhope inachita kutupa, anatsegula pakamwa, koma nthawi yomweyo basi ya ku Chipata inaima, azimai onse n'kunyamula mabeseni kuthamangila kumawindo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anayankha mafunso aja. Mapepala ena ndinawaona akukupizila nawo ntchentche. Tisananyamuke amake Dailesi anandiponyela phava la nthochi pawindo, nati, "Udye wekha, uyo zingamutsegule m'mimba." Izi sindinamasulile, chifukwa palibe anandipempha.

Lolemba ndinalandila kalata yondiitana ku bwalo la mwambo la koleji. Mlandu wanga unali wakuti ndinapotoza mau a mphunzitsi, ndinautsa anthu kuti amunyoze, ndipo ndinawononga ulendo wa kalasi yonse. Pansi pake analemba kuti chilango chikhoza kukhala kuchotsedwa sukulu. Masiku atatu odikila mlanduwo sindinadye bwino. Ndinkadziona ndikutsika basi pa Petauke ndi chikwama changa, kukagogoda pa sitolo ija, eni ake akuti, "Sindinanene kuti ndi magazi?"

Pabwalopo panali a Mulenga pakati, aphunzitsi ena awili, ndi a Dokotala pambali. A Dokotala anakana zonse. Anati analankhula mau olimbikitsa okhaokha, ndipo mau achipongwe aja azimai akumudzi sangawaganize, ndinawapeka ndine. Taonani, amai, ngakhale chipongwe chomwe ankaona kuti chakukulilani.

Apa m'pamene khalidwe lojambula chilichonse lija linagwila ntchito. Kelvin anali atajambula zonse pa foni kuti akaseketse anzake, ndipo kanemayo anali atafika kale kwa a Mulenga. Anamuyatsa patebulo. Mau a a Dokotala anamveka bwinobwino, umphawi wa m'mutu, kufela pamsewu, zonse. A Dokotala anayamba kupukuta magalasi. Koma sanagonje. Anati chabwino, nanga tidziwa bwanji zimene mtsikanayu anawauza m'chilankhulo chawo, ndi zimene iwo anayankhadi? A Mulenga anati n'zoona, iwo Chinsenga sachimva bwino, ndipo anandifunsa ngati m'kalasi muli wina amene amachimva.

Ndinkamudziwa. Dzina lake linafika pamilomo. Koma ndinaganiza kuti ine amene ndinakusandutsani kampani, ndili ndi ufulu wanji wovula mnzanga pagulu? Ndinati sindikudziwa. Anaimitsa mlandu kuti afufuze.

Madzulo ake Tisha anandipeza ndikuchapa bulauzi ija kachitatu. Anaima pakhomo. Kenako analankhula nane m'Chinsenga, koyamba chifikileni.

"Utomoni umenewo suchoka ndi sopo. Upake palafini."

Ndinangoti, "Ndikudziwa."

"Agogo anga amagulitsa tomato pamsewu wa ku Kaumbwe," anatelo. "Ndi amene anandilela."

M'mawa mwake anapita yekha kwa a Mulenga. Anamvetsela kanema yense n'kumasulila mzele ndi mzele pamaso pa bwalo lonse, ndi Chizungu chake cha m'mphuno chomwecho. Atamaliza a Mulenga anamufunsa ngati ndinamasulila mokhulupilika. Iye anati, "Inde, koma anasiyako chimodzi. Pali mai wina kumbuyo amene ananena za makutu a a Dokotala." A Mulenga anati zimenezo bwalo silikuzifuna, koma ndinaona akuluma mlomo.

Sanandichotse. Anangondilembela chenjezo lakuti ndizilemekeza aphunzitsi, ndipo a Mulenga pondipatsa anati, "Sunga, koma usaliike pakhoma." A Dokotala sanauzidwe kanthu pamaso pathu. Akadali pano, nsapato zikulilabe. Tonse anatipatsa ntchito ina m'malo mwa lipoti lija, ndipo anzanga onse anakhoza, ndi Kelvin yemwe, amene analemba za kampani yogulitsa madzi a mvula. Ine ndekha ndinalephela. Pa pepala langa analemba ndi inki yofiila kuti sindimvetsa mmene malonda ang'onoang'ono amayendela. Ine, amai! A Mulenga anayesa kufunsa, koma malamulo a pano amati zolemba za mphunzitsi sazikhudza wina.

Tanthauzo lake n'lakuti anzanga akamavala mikanjo ya omaliza maphunzilo ine ndidzakhala ndisanamalize. Ndiyenela kubweleza phunzilo limenelo chigawo chamawa, ndipo amene amaliphunzitsa ndi mmodzi yekha. Masauso akuti ndingosiya, ndibwele tizilima nshawa, munthu ameneyo adzandilepheletsanso. Mwina adzatelo. Ndaganiza za zimenezi masiku ambili, ndipo ndalembetsa kale dzina.

Ndikulonjezani ichi. Ndidzakhala mpando wakutsogolo, pansi pa mphuno pawo penipeni, Lolemba lililonse ndi Lachinai lililonse. Buku lawo ndidzaliwelenga kuyambila chikuto mpaka chikuto, ndidzayankha mayeso awo mwakuti akafuna kundilepheletsa adzachite kutuluka thukuta pofufuza chifukwa. Akandigwetsa kachiwili ndidzabwelanso kachitatu. Adzatopa ndi iwo, chifukwa ine ndinaphunzila kudikila basi padzuwa, iwo anaphunzila kudikila tiyi.

Gonani bwino, amai. Ndimakukondani, ndipo ndikakusowani kwambili ndimalankhula ndekha ngati muli kuseli kwa chitseko.

Ndine mwana wanu,
Enelesi